Usiku Umene Asilikali Sanawombere: Mmene Ndale za Dziko Lapansi Zimatembenukira

Madzulo a pa 9 Novembala 1989, mkulu wina wa chipani cholamula ku East Germany, Günter Schabowski, anakhala pamaso pa atolankhani mumzinda wa East Berlin akuwerenga kapepala kamene anali atangopatsidwa kumene. Kapepalako kankanena kuti nzika ziyamba kuloledwa kupita kunja kwa dziko. Mtolankhani wina atafunsa kuti zimenezi ziyamba liti, bamboyo anafufuzafufuza m'mapepala ake n'kuyankha kuti malinga ndi mmene iye akudziwira, ziyamba nthawi yomweyo. Sankadziwa kuti lamulolo limayenera kuyamba mawa lake, anthu atayamba apempha chilolezo ku maofesi.

Nkhani itamveka pa wailesi ndi pa kanema, anthu anayamba kukhamukira ku zipata za Khoma la Berlin, limene linkalekanitsa East Berlin ndi West Berlin. Pa chipata cha Bornholmer Strasse panali msilikali wamkulu dzina lake Harald Jäger. Iye anaimbira mabwana ake lamya kangapo kufunsa chochita, koma palibe anamupatsa yankho logwirika. Khamu linkangokulirakulira, likufuula kuti chipata chitsegulidwe. Mfuti zinalipo, zipolopolo zinalipo, ndipo pa khoma lomweli anthu osachepera 140 anali atatayapo miyoyo kuchokera pamene linamangidwa mu 1961. Nthawi itayandikira pakati pa usiku, Jäger analamula anyamata ake kuti atsegule. Pasanathe chaka Germany inali dziko limodzi, ndipo pofika pa 26 Disembala 1991, Soviet Union yeniyeniyo, dziko limene linali ndi mabomba a nyukiliya masauzande ambiri, inali itatha n'kugawika mayiko 15.

Munthu akamva nkhaniyi payokha angaganize kuti dziko lapansi linatembenuzidwa ndi kulakwitsa kwa mkulu mmodzi wosawerenga bwino mapepala. Zili ngati kunena kuti nkhokwe inagwa chifukwa mbuzi inaitsamira. Mbuziyo inaitsamiradi, koma chiswe chinali chitadya mitengo yapansi kwa zaka zambiri.

Tiyambe tamvana za kusintha kumene ndikunena. Pulezidenti akachoka wina n'kulowa, kapena mayiko awiri akakangana za malire kenako n'kugwirizana, dongosolo limakhala lomwelo. Kusintha kwa mizu ndi pamene zinthu zimene aliyense ankaziona ngati zosagwedezeka zatha: amene ali ndi mphamvu asintha, malamulo a mmene mayiko akhalirane asintha, ngakhalenso zimene anthu amaziona ngati zololeka zasintha. Pamudzi mfumu ikamwalira n'kulongedwa ina, moyo umapitirira monga kale. Koma tsiku limene minda yasiya kugawidwa ndi mfumu n'kuyamba kugulidwa ndi ndalama, mudzi umenewo wasanduka wina ngakhale nyumba zili pomwepo.

Kawirikawiri kusintha kotereku kwabwera ndi nkhondo yaikulu. Napoleon atagonja, mayiko opambana anagawana Europe ku Vienna mu 1815. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, anakumana ku Versailles mu 1919. Yachiwiri itatha mu 1945, anakhazikitsa bungwe la United Nations ndi mayiko 51, ndipo mayiko asanu opambana anadzipatsa mipando yosachoka komanso mphamvu yokana chilichonse chimene sakuchifuna. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Malamulo amalembedwa ndi amene ali ndi mphamvu pa nthawiyo, mowakomera iwowo. Koma mayiko sakula mofanana. Lina limalemera msanga, lina limatopa ndi ngongole ndi ndalama zosamalira asilikali kutali ndi kwawo. Pakapita zaka makumi angapo, malamulo aja amakhala ngati malaya a mwana pa thupi la munthu wamkulu. Wokulayo amafuna malo omuyenera, wakaleyo amakakamira mpando, ndipo pamapeto pake amayesana mphamvu.

Ufulu wa mayiko athu unatuluka m'kusintha kwa mtundu umenewu. Britain ndi France anatuluka m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ali pa gulu la opambana koma matumba ali mbee. Zinaonekera poyera mu 1956, pamene Gamal Abdel Nasser wa ku Egypt analanda ngalande ya Suez. Britain, France ndi Israel anamuthira nkhondo, ndipo kunkhondoko zinkawayendera, koma America inakana kuthandiza ndalama ya Britain imene inali kugwa mphamvu, moti anabwerera manyazi ali m'maso. Kuyambira pamenepo aliyense anadziwa kuti atsamunda akale sangachitenso zazikulu popanda chilolezo cha Washington. Mu 1960 mokha mayiko 17 a mu Africa analandira ufulu, ndipo Malawi ndi Zambia anatsatira mu 1964. Sindikuchepetsa anthu amene anamangidwa ndi kuphedwa pomenyera ufulu, monga aja anaomberedwa ku Nkhata Bay mu Malichi 1959. John Chilembwe anali wolimba mtima chimodzimodzi mu 1915, koma pa nthawi yake ufumu wa Britain unali udakali ndi mphamvu komanso mtima wopondereza aliyense wodzutsa mutu. Pofika 1959 mtengo wopitirizira utsamunda unali utakwera kuposa phindu lake, ndipo anthu ambiri ku Britain komweko anali atasiya kuukhulupirira.

Chodabwitsa cha 1989 n'chakuti dongosolo lonse linagwa popanda nkhondo pakati pa zimphona ziwiri, America ndi Soviet Union. Kwa zaka zoposa 40 dziko lapansi linali logawika pawiri, mbali ya America ndi mbali ya Soviet Union, m'nyengo yotchedwa Cold War, imene ena kwathu kuno amati nkhondo ya mawu. Dzina limeneli limandiwawa, chifukwa kwa anthu a ku Angola, Mozambique, Vietnam ndi Korea sinali ya mawu ayi. Kumeneko kunagwa mitembo yeniyeni. Koma zimphonazo zokhazokha sizinamenyane maso ndi maso, chifukwa mabomba a nyukiliya anachititsa kuti wopambana asakhalepo. Zinatsala pang'ono kuyesana pa nkhani ya mizinga ya ku Cuba mu Okutobala 1962, ndipo onse anabwerera m'mbuyo ataona phompho. Njira yakale yothetsera mkangano inali itatsekeka, choncho mpikisano unasanduka wa kupirira: ndani atope poyamba.

Chiswe cha ku Soviet Union chinali chuma. Dziko limene linali ndi minda yosaoneka malire linkagula tirigu ku America ndi ku Canada kuti lidyetse anthu ndi ziweto zake. Mafakitale ankapanga katundu motsatira chiwerengero cholembedwa ku likulu la dzikolo, Moscow, osati zimene anthu akufuna, moti kuima pa mzere wa nyama kapena nsapato unali moyo wa tsiku ndi tsiku. Chimene chinkaphimba mabowo onsewa ndi mafuta, amene ankagulitsidwa kunja pa mtengo wabwino m'zaka za m'ma 1970. Mu 1986 mtengo wa mafuta unagwa ndi theka n'kupitirira. Pa nthawi yomweyo dzikoli linkalipira nkhondo ya ku Afghanistan imene linaiyamba mu Disembala 1979, kumene asilikali ake pafupifupi 15,000 anafera. Linkapatsa Cuba ndi mayiko a kum'mawa kwa Europe mafuta otsika mtengo. Linkatumiza zida ku Angola ndi ku Ethiopia. Komanso linkayesa kufanana zida ndi America imene chuma chake chinali chachikulu kwambiri kuposa chake. Atsogoleri atatu okalamba anamwalira motsatizana: Brezhnev mu 1982, Andropov mu 1984, Chernenko mu 1985. Kenako pa 26 Epulo 1986 malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl anaphulika, boma n'kuyamba labisa, ndipo ngakhale anthu a m'chipani momwemo anaona kuti chizolowezi chobisa zinthu chafika poika miyoyo yawo pachiswe.

Komabe ndikana kuti umphawi pawokha ndiwo unagwetsa dongosololi. North Korea inagwa m'njala yoopsa m'zaka za m'ma 1990 koma boma lake lilipo mpaka lero. Cuba inavutika kwambiri thandizo la Moscow litatha, koma sinasinthe. Boma lokonzeka kupha anthu ake likhoza kukhala pa mpando zaka zambiri chuma chili chofa. Umboni waukulu ndi tsiku la 4 Juni 1989. Tsiku limenelo anthu a ku Poland anavota pa chisankho chimene gulu lotsutsa boma la Solidarity linatenga mipando 99 mwa 100 ya nyumba ya Senate. Tsiku lomwelo, ku Beijing, akasinja anali m'misewu kuphwanya zionetsero za ophunzira a pa bwalo la Tiananmen. Maboma onse awiri anali a chikomyunizimu, onse anakumana ndi anthu ofuna kusintha. Lina linaombera, lina linavomera kuwerenga mavoti.

Apa ndi pamene maganizo a atsogoleri amalowera. Mikhail Gorbachev, amene anatenga utsogoleri mu Malichi 1985, sanabwere kudzagwetsa nyumba, ankafuna kuikonza. Anayambitsa glasnost, kutanthauza kulankhula poyera, ndi perestroika, kutanthauza kumanganso chuma. Kuti apeze ndalama zokonzera kwawo, anafunika kuchepetsa za zida, n'chifukwa chake anasainirana ndi pulezidenti wa America, Ronald Reagan, pangano lochotsa mizinga ina ya nyukiliya mu Disembala 1987. Koma chinthu chachikulu koposa anachinena ku United Nations pa 7 Disembala 1988: analengeza kuti achepetsa asilikali ndi 500,000, ndipo anati dziko lililonse lili ndi ufulu wosankha njira yake. Kuti timve kulemera kwa mawu amenewa, tikumbukire kuti Hungary itayesa kusankha njira yake mu 1956, akasinja a Soviet Union analowa mu Budapest. Czechoslovakia itayesa mu 1968, analowanso mu Prague. Maboma onse a kum'mawa kwa Europe ankaima pa mwendo umodzi umenewu, woti zikavuta Moscow ibwera. Gorbachev anachotsa mwendowo.

Maganizo amenewa sanagwe kumwamba. Mu 1975 mayiko 35 anasaina pangano ku Helsinki. Soviet Union inkafuna kuti malire a pambuyo pa nkhondo avomerezedwe, ndipo posinthana inalola ndime zonena za ufulu wa anthu, ikuganiza kuti ndi mawu chabe a papepala. Koma anthu monga Václav Havel ndi anzake a gulu la Charter 77 ku Czechoslovakia anatenga pepala lomwelo n'kumauza maboma awo kuti, si inu munasaina? Ambiri anamangidwa, koma funsolo silinamangidwe. Mu Juni 1979 Papa John Paul II anapita kwawo ku Poland, ndipo anthu miyandamiyanda anasonkhana osaitanidwa ndi chipani. Anaonana nkhope, aliyense n'kuzindikira kuti si yekha. Chaka chotsatira ogwira ntchito pa malo opangira sitima zapamadzi ku Gdańsk, motsogozedwa ndi Lech Wałęsa, anakhazikitsa Solidarity, imene inafika mamembala pafupifupi 10 miliyoni isanaletsedwe ndi lamulo la asilikali mu Disembala 1981.

Kuonana nkhope kumeneku ndiko kumafotokoza chifukwa chake zinthu zimakhala ngati zaima kwa zaka 40 kenako n'kugwa m'masabata ochepa. M'dziko la mantha aliyense amabisa za mumtima. Amaomba m'manja pa msonkhano, amanyamula khadi la chipani, ndipo akaona mnzake akuchita zomwezo amaganiza kuti wosakhutira ndi iye yekha. Ngakhale apolisi achinsinsi sadziwa chiwerengero chenicheni, chifukwa amene amawafunsa amawanamiza. Munthu aliyense ali ndi muyeso wake: wina amatuluka ngakhale ali yekha, wina amadikira aone anthu 100, wina 10,000. Chiwerengero chikangodutsa pena pake, aliyense wotuluka amakoka ena, ngati mmene madzi amachitira akapeza kang'alu pa damu.

Ku Leipzig, mzinda wa ku East Germany, zinaoneka bwino mu 1989. Lolemba lililonse anthu ankapemphera m'tchalitchi cha Nikolaikirche kenako n'kutuluka kukayenda mumsewu. Hungary inali itatsegula kale malire ake ndi Austria mu Sepitembala, ndipo achinyamata a ku East Germany ankathawira kumeneko masauzande. Pa 9 Okutobala mphekesera zinali ponseponse kuti boma lichita za ku Beijing. Apolisi ndi asilikali anali atakonzeka. Anthu pafupifupi 70,000 anatulukabe, ena atanyamula makandulo, akufuula kuti anthu ndife. Akuluakulu a mumzindawo anadikira lamulo lochokera ku East Berlin, koma silinabwere, ndipo asilikali a Soviet Union oposa 300,000 amene anali m'dzikomo anakhala phee m'makampu awo. Lolemba lotsatira anthu anaposa 100,000. Pa 18 Okutobala mtsogoleri wa East Germany, Erich Honecker, anachotsedwa pa mpando. Choncho pamene Jäger ankaimba lamya usiku uja, mabwana ake sanasowe mawu mwangozi. Palibe amene ankafuna kuti dzina lake lidzalembedwe pa lamulo loombera, podziwa kuti Moscow sidzamuikira kumbuyo.

Ku America ambiri amati Reagan ndiye anapambana pokweza ndalama za zida mpaka mdani atatopa. Ku Russia ambiri amati Gorbachev anagulitsa dziko. Ine ndimaona kuti onse akutenga chingwe chimodzi pa mtolo. Popanda kutopa kwa chuma, munthu ngati Gorbachev sakanapatsidwa mpando kapena kumvedwa. Popanda iye, mtsogoleri wina wouma mtima akanatha kutumiza akasinja n'kugula zaka zina khumi kapena makumi awiri. Ndipo popanda anthu a ku Gdańsk ndi ku Leipzig amene anatuluka asakudziwa ngati abwerera kunyumba, chitseko chikanakhala chosakhoma koma chotsekabe.

Mafunde ake anafika kum'mwera kwa Africa mofulumira. Mu Disembala 1988, ku New York, Angola, Cuba ndi South Africa anasaina pangano loti asilikali a Cuba achoke ku Angola ndipo Namibia ilandire ufulu, umene unabwera pa 21 Malichi 1990. Boma la tsankho ku Pretoria linkadziteteza kwa azungu anzake ponena kuti ndilo linga loletsa chikomyunizimu. Khoma la Berlin litagwa, chifukwa chimenecho chinatha ntchito, ngongole ndi zilango za chuma zinali zitaluma kale, ndipo pa 2 Febuluwale 1990 pulezidenti wa dzikolo, F. W. de Klerk, anachotsa chiletso pa chipani cha ANC. Nelson Mandela anatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale. Ku Zambia, Kenneth Kaunda analola zipani zambiri ndipo anagonja kwa Frederick Chiluba mu Okutobala 1991. Ku Mozambique, Frelimo ndi Renamo anasaina mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi amene anali ku Malawi anayamba kubwerera kwawo.

Za ku Malawi zimafanana ndi za ku Leipzig kuposa mmene timaganizira. Dr. Kamuzu Banda anali bwenzi lodalirika la mayiko a azungu chifukwa chodana ndi chikomyunizimu, ndipo mu 1967 anakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa. Kwa zaka zambiri opereka thandizo ankadziwa za anthu otsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, koma ankayang'ana kumbali. Amene anakhalako amakumbukira kufunsidwa khadi la chipani pa chipata cha msika kapena pokwera basi, ndiponso kuyang'ana uku ndi uku usanatchule dzina la mtsogoleri. Lamlungu pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Inanena zinthu zimene aliyense ankazidziwa kale: malipiro ochepa, zipatala zopanda mankhwala, mantha olankhula. Mphamvu yake inali yakuti anthu anazimva ali pamodzi, wina akuona mnzake akugwedeza mutu. Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege pa 6 Epulo, mu Meyi ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala ndipo anthu anaphedwa, ndipo mwezi womwewo opereka thandizo atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la othawa nkhondo. Zaka khumi m'mbuyomo sakanatero. Pa 14 Juni 1993 anthu anasankha nyali ya zipani zambiri m'malo mwa tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 alionse, ndipo pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho. Kulimba mtima kunali kwa Amalawi eni ake. Nyengo imene inalola kuti kubale zipatso inachokera kutali.

Walira mvula walira matope. Dongosolo lakale likagwa, zimene linkazipanikiza zimatulukanso, zabwino ndi zoipa zomwe. Yugoslavia inaphwasuka ndi nkhondo zoopsa. Somalia, imene zimphona ziwirizo zinaidzaza zida mosinthana, inatsala yopanda boma mu 1991. Angola inabwerera kunkhondo pambuyo pa chisankho cha 1992. Ku Russia, zaka za m'ma 1990 anthu wamba anataya ndalama zimene anasunga moyo wawo wonse pamene ochepa ankagawana mafakitale a boma, ndipo bungwe la chitetezo la NATO, lotsogozedwa ndi America, linalandira Poland, Hungary ndi Czech Republic mu 1999, kenako mayiko atatu a ku Baltic amene anali mbali ya Soviet Union mu 2004. Mayiko amenewa anapempha okha chifukwa cha zimene anaona mu 1956 ndi 1968, koma ku Moscow zinamveka ngati kunyozedwa, ndipo Vladimir Putin wakhala akukolezera chilonda chimenecho mpaka kulowa mu Ukraine ndi nkhondo pa 24 Febuluwale 2022. Kupwetekedwa mtima sikupatsa dziko ufulu wolanda la mnzake, koma kumatithandiza kuona kuti mapangano a pambuyo pa 1991 anasiya nkhani zosatha.

Lero malaya ayambanso kuthina. China inalowa m'bungwe la zamalonda la World Trade Organization mu 2001, ndipo pofika 2010 inali itaposa Japan n'kukhala yachiwiri pa chuma. Malawi inaona kumene mphepo ikulowera ndipo kumapeto kwa 2007 inasiya Taiwan n'kupalana ubwenzi ndi Beijing. Nyumba ya malamulo ku Lilongwe inamangidwa ndi ndalama za China. America nayo yayamba kufunsa poyera ngati kusunga dongosolo limene inamanga yokha kukuipindulira, ndipo mu 2025 inatseka bungwe lake la thandizo la USAID, zimene zinamveka mpaka m'zipatala zazing'ono za kumidzi kwathu. Pa nthawi yomweyi mipando isanu yosachoka ya ku United Nations idakali ya opambana a 1945. Africa ili ndi mayiko 54 m'bungweli koma ilibe mpando wotero ngakhale umodzi, ngakhale kuti inagwirizana zopempha iwiri ku Ezulwini, m'dziko la Eswatini, mu 2005. Chimene yapeza pakadali pano ndi mpando wa African Union mu G20, gulu la mayiko a chuma chachikulu, umene inalandira ku New Delhi mu Sepitembala 2023.